Mbiri ya Uphungu m'Sukulu za ku Nkhata Bay

Kulangiza ana sikudayambe ndi sukulu. Kalekale pakati pa Atonga a m'mbali mwa nyanja ku Nkhata Bay, mnyamata ankalandira mwambo kwa amalume ndi agogo ake, pamene mtsikana ankalangizidwa ndi azakhali ndi amayi achikulire. Mwana aliyense ankadziwa kothawira zinthu zikamuthina.

Zinthu zidayamba kusintha m'chaka cha 1881, pamene Dotolo Robert Laws adasamutsa mishoni ya Livingstonia kuchoka ku Cape Maclear kupita ku Bandawe. Atonga adailandira sukulu ndi manja awiri, ndipo ambiri mwa ophunzirawo adapita kukagwira ntchito ku Halale ndi ku Joni. Mmodzi mwa iwo adali Clements Kadalie wa ku Chifira, amene adayambitsa bungwe la apantchito ku Cape Town mu 1919. Abambo ndi amalume atachuluka kunja, gawo lalikulu la ntchito yolangiza ana lidatsamira pa mphunzitsi.

Kwa zaka zambiri mphunzitsi ankachita zimenezi mwa chifundo chake chabe. Koma mu 1985 matenda a Edzi adapezeka m'Malawi, ndipo m'zaka zotsatira ana amasiye adachuluka m'makalasi. Mu 1993 boma lidalola kuti mtsikana amene wasiya sukulu chifukwa cha pathupi azibwerera akachira. Mu 1994 lidachotsa fizi kupulayimale, ndipo chiwerengero cha ophunzira chidakwera kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni. Mphunzitsi wa ana opitirira 100 sakadathanso kumvera mavuto a mwana aliyense.

Poona zimenezi, nduna za maphunziro za mu Africa, mothandizidwa ndi bungwe la UNESCO, zidasankha Lilongwe kukhala likulu lophunzitsira alangizi a achinyamata. Boma lidaikanso phunziro la maluso a moyo, ndipo m'midzi mudakhazikitsidwa magulu a amayi otsatira atsikana osiya sukulu. Mu 2017 Nyumba ya Malamulo idasintha malamulo aakulu a dziko kuti munthu asalowe m'banja asanakwanitse zaka 18.

Komabe lamulo lolembedwa silicheza ndi mwana. M'sukulu zambiri mlangizi ndi mphunzitsi yemwe uja amene ali kale ndi makalasi ake, opanda chipinda chokambiranamo zachinsinsi. Kufunika kwake kudaonekera mu 2020, sukulu zitatsekedwa chifukwa cha mliri wa COVID-19: atsikana zikwizikwi m'dziko muno adatenga pathupi kapena kukwatiwa.

Wophunzira wa m'tauni ya Nkhata Bay ali ndi zokopa zambiri. Padoko pamaima sitima ya Ilala, usipa umabweretsa ndalama zamsangamsanga, ndipo anzake obwera ku Joni amafika ndi katundu wosiririka. Kuti asankhe bwino, afunika munthu womukhazika pansi. Motero mbiriyi ikuphunzitsa kuti boma liyenera kuphunzitsa alangizi ntchito yawo mokwanira, kuwachepetsera makalasi ndi kuwapatsa malo oyenera, komanso kuwalumikiza ndi makolo, mafumu ndi achipatala. Paja akuluakulu adati kuongola mtengo mpoyamba.