Ndalama zimene msonkho suzikhudza ku Virginia

Wolandira malipiro ku America amadulidwa msonkho kawiri. Boma lalikulu la ku Washington limatenga gawo lake, boma la chigawo chimene akukhala nalonso limatenga lake, kupatula m'zigawo zochepa monga Texas ndi Florida kumene kulibe msonkho wa pa malipiro. Pa mafomu a msonkho pali mzere umene andale amaukonda kwambiri nthawi ya kampeni, wotchedwa standard deduction. Imeneyi ndi ndalama yoikika imene boma limayamba layichotsa pa zonse zimene munthu wapeza pachaka lisanawerengere msonkho. Zotsalazo amazitcha taxable income, ndipo msonkho umagwera pamenepo pokha. Amene amadulidwa PAYE ku Malawi akuchidziwa chinthu chofananako nacho, gawo loyamba lija la malipiro a pamwezi limene MRA silikhudza.

Mzerewu unayamba mu 1944. Pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, msonkho umene kale unali wa opeza bwino okha unafikira anthu wamba miyandamiyanda, ndipo sizikanatheka kuti aliyense azisunga malisiti a chaka chonse. Njira ya malisitiyo, yotchedwa itemizing, imafuna kuti munthu alembe chimodzichimodzi zimene lamulo limalola kuchotsa: chiwongoladzanja cha ngongole yogulira nyumba, zopereka ku tchalitchi ndi ku mabungwe achifundo, ndalama zolipira kuchipatala zikapyola mlingo. Njira imeneyi imakomera mwininyumba. Wokhala pa lendi alibe zambiri zoti alembe, choncho standard deduction inamupatsa nayenso chochotsa popanda lisiti ngakhale limodzi.

Ku chigawo cha Virginia nkhaniyi inatentha chifukwa cha lamulo lopangidwa kwina. Mu December 2017 Donald Trump anasainira Tax Cuts and Jobs Act, imene inakweza standard deduction ya boma lalikulu kuchoka pa $6,350 kufika pa $12,000 kwa munthu mmodzi. Anthu ambiri anasiya kulemba malisiti. Koma lamulo la Virginia limati njira imene wasankha pa fomu ya Washington ndiyo usankhenso pa fomu ya ku Richmond, likulu la chigawochi, ndipo kumeneko ndalama yochotsa inali idakali $3,000 yokha. Msonkho wa anthu ambiri unakwera chonsecho phungu aliyense asanavotere zokweza msonkho. Kulumikizana kotere kwa malamulo a chigawo ndi a boma lalikulu akatswiri amakutcha conformity, ndipo ndi kumene kunakakamiza aphungu kuchitapo kanthu. Mu 2019 anakweza kufika pa $4,500, kenako mu 2022, bwanamkubwa ali Glenn Youngkin, anafikitsa pa $8,000 kwa munthu mmodzi ndi $16,000 kwa banja lodzaza fomu imodzi.

Apa ndi pamene anthu ambiri amapusitsika. Kumva kuti awonjezera $3,500, kuchoka pa $4,500 kufika pa $8,000, sikutanthauza kuti $3,500 yalowa m'thumba. Deduction imachepetsa ndalama zowerengerapo msonkho, ndiye phindu lake limadalira marginal rate, peresenti imene imadulidwa pa dola yomaliza imene wapeza. Ku Virginia mlingo wapamwamba ndi 5.75 peresenti, kotero $3,500 ija imapulumutsa pafupifupi $201 pachaka. Mlingowu umayambira pansi kwambiri, pa $17,000, moti wolandira $30,000 pachaka ali pamlingo umodzi ndi mpondamatiki. Ine ndimaona ubwino pamenepa. Wothandizira odwala ndi bwana wa kampani akapulumutsa $201 yofanana, imene yagula zambiri za m'nyumba ndi ya wothandizira odwalayo. Kutsitsa peresenti yapamwamba kukanapereka zochuluka kwa amene ali nazo kale.

Komabe osaukitsitsa sapindula kanthu. Ku Virginia munthu amene sapeza zofika $11,950 pachaka salipira msonkhowu ndi kale, ndiye ngakhale deduction ikwere bwanji, palibe chimene achotserepo. Chimene chimamufikira ndi tax credit. Iyi imachotsedwa pa msonkho weniweniwo, dola pa dola, ndipo ikakhala refundable boma limamutumizira munthu zotsalazo msonkho wake ukafika pa ziro. M'chaka chomwecho cha 2022 Virginia inalola ogwira ntchito olandira zochepa kulandira mwa njira imeneyi 15 peresenti ya Earned Income Tax Credit ya boma lalikulu. Kwa mayi wa ana awiri wogwira ntchito ya maola ochepa, chimenechi chinali cholemera kuposa $8,000 imene inkatchulidwa m'nkhani zonse.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi indexing, kukweza ziwerengero zimenezi chaka ndi chaka molingana ndi kukwera mitengo kwa zinthu. Boma lalikulu limachita zimenezi mwa lamulo. Virginia sichita. Malire a $17,000 aja sanasinthe kuchokera mu 1990, ndipo standard deduction imakwera pokhapokha aphungu akagwirizana. Ngakhale ya 2022 ija inabwera ndi tsiku lothera, loti likadutsa popanda lamulo latsopano ndalamayo ibwerere pa $3,000. Choncho pakapita zaka zochepa wogwira ntchito ayenera kudikiranso Richmond kuti imubwezere zimene mitengo yadya kale, ndipo andale amazilengeza ngati atsitsa msonkho.