Maso Nawonso Amaphunzira Kuwerenga

Sukulu ndi choko zisanafike m'dziko muno, makolo anali nayo kale njira yophunzitsira mwana kuwerenga. Sizinali zilembo ayi. Mwana ankaphunzira kuwerenga maonekedwe a chinthu, muyeso wake ndi mtundu wake.

Umboni wakale wa maphunzirowa uli m'mapanga a ku Chongoni, m'boma la Dedza, kumene kuli malo 127 okhala ndi zojambula pamiyala. Zofiira, zomwe zambiri ndi mizere ndi zozungulira, anajambula ndi Akafula. Zoyera anajambula ndi Achewa, ndipo zina mwa izo anamkungwi ankalangira nazo anamwali. Namwali akaona chithunzi, mwambo wonse unkabwerera m'mutu mwake. Bungwe la UNESCO linaika malowa m'kaundula wa chuma cha dziko lonse lapansi m'chaka cha 1906 kuonjezapo zaka zana, ndiye kuti mu 2006.

Kumpoto kuno phunziro lomweli linkalembedwa pansi, pa mudzi weniweniwo. Angoni a Zwangendaba, amene anawoloka mtsinje wa Zambezi mu 1835 ndipo pambuyo pake ambiri anakhazikika ku Mzimba pansi pa Inkosi M'mbelwa, ankamanga chibaya chozungulira pakati pa mudzi, nyumba n'kuzinga chibayacho. Malo a nyumba iliyonse ankasonyeza udindo wa mwini wake. Mlendo wodziwa mwambo ankangoponya maso n'kudziwa kumene kuli akuluakulu, osafunsa munthu.

Muyeso nawo unkaphunzitsidwa ndi manja. Womanga nyumba yozungulira ankakhoma chikhomo, kumangirirapo chingwe, n'kuzungulira nacho akulemba pansi. Akalakwa pamenepo, denga silinkakhala bwino. Woluka lichero ankawerenga nsungwi zodutsa pamwamba ndi zodutsa pansi. Akaphonya imodzi, mzere wonse unkakhota. Mayi wotunga mikanda ankadziwa kuti yoyera imawala kwambiri ikagundana ndi yakuda kapena yofiira, ndipo mwana wake wamkazi ankaphunzira poyang'ana zala za mayiyo.

Dr Robert Laws atakhazikitsa mishoni ya Livingstonia pa Khondowe mu 1894, achinyamata anayamba kuphunzira ukalipentala ndi kumanga ndi njerwa. Apa anakumana ndi rula, sikweya ndi nyumba za makona anayi. Zidazo zinali zachilendo, koma diso lodziwa kuyeza anali nalo kale kuchokera kwawo.

Mzuzu ndi mzinda waung'ono pa zaka. Unayambira pa minda ya mitengo ya tung mu 1947, ndipo unalandira ulemu wa mzinda mu 1985. Atumbuka, Angoni, Atonga, Angonde ndi ena ambiri anakumana muno, aliyense ndi luso la kwawo. Lusolo likuoneka m'madengu ndi mphasa za pamsika, komanso m'zinthu zakale zosungidwa ku Mzuzu Museum.

Kuti Amalawi amawerengadi mitundu zinaoneka poyera mu 2010, pamene boma linasintha mbendera, kuchotsa dzuwa lofiira lotuluka n'kuikapo loyera lathunthu. Anthu ambiri anadandaula, ndipo mu 2012 mbendera yakale inabwerera. Dzuwa ndi mizere itatu ija zinali ndi mawu kwa iwo.

Chodetsa nkhawa lero n'chakuti mwana akhoza kukhoza masamu a makona m'kalasi koma osazindikira kuti makona omwewo ali m'lichero la agogo ake. Mabeseni apulasitiki akulowa m'malo mwa madengu, ndipo oluka akukalamba opanda owasiyira luso. Chishango ndi mikanda zimene ovina Ingoma anyamula pa mwambo uno zili ngati mabuku otsegula. Mwana akafunsa chifukwa chimene chishango chilili chosongoka uku ndi uku koma chotambasuka pakati, wamkulu amene ali naye pafupi amuyankhe lero lomwe.