Mchere, Ng'anjo ndi Thukuta la Amayi a kwa Dambe

Lero injini ndaziika pambali, tikwere kumtunda. Mtsinje wa Bua womwe umathira m'nyanja ku Nkhotakota, uja mpasa umakwera kukaswana, umachokera ku Mchinji, boma lomwe atsamunda ankalitcha Fort Manning. Kumeneko kuli dera la mfumu yaikulu Dambe, kwa alimi a fodya, mtedza ndi soya. Azakhali anga anakwatiwa komweko, ndipo usipa wina womwe timayanika kuno umakathera m'mapoto a ku Kapiri. Choncho si kwa alendo.

Nkhani yake ndi ya zaka zimene mayi amakhala akuyandikira kusiya kusamba. Inde, mwamuna ndikulemba zimenezi, musaseke. Achizungu amati perimenopause. Msambo umayamba kudumphadumpha, mwezi uno wabwera, miyezi iwiri zii, kenako wabwera wambiri. Thupi limatentha mwadzidzidzi ngati wina wakoleza mbaula pachifuwa, usiku thukuta kamukamu mpaka chitenje kunyowa, tulo osabwera, mtima kugunda, kuiwalaiwala, kupsa mtima pa kanthu kakang'ono. Chimachititsa ndi kuchepa kwa mahomoni, makamaka estrogen, amene mabasiketi a mazira amatulutsa. Amayi ambiri amasiya kusamba pakati pa zaka 45 ndi 55, koma chipwirikiti chake chimayamba zaka zingapo izi zisanachitike.

Tsono makolo athu ankaziona bwanji? Achewa anali ndi mwambo pa khomo lililonse la moyo wa mkazi. Mtsikana akatha msinkhu, chinamwali. Akaima koyamba, chisamba. Mwana akabadwa, kudika mpaka tsiku lomutengera kumphasa. Zonsezi zinamangidwa pa nkhani ya kutentha ndi kuzizira. Mkazi amene ali kumwezi ankatengedwa kuti ndi wotentha, sankathira mchere m'ndiwo poopa mdulo, ankaitana kamwana kuti kathire. Wansembe wina wachikatolika, J. W. M. van Breugel, analemba zambiri za mdulo m'buku lake la Chewa Traditional Religion.

Koma taonani mbali inayo. Mayi akasiyiratu kusamba ankasanduka wozizira, ndipo kuzizirako kunali udindo. Mchere ankathira yekha tsiku lililonse. Mowa wa nsembe, wokapempha mvula kapena kupepesa mizimu, unkafuna manja ozizira, ndiye ankaitanidwa ndi iyeyo. Kale anthu akusungunula chitsulo m'ng'anjo, mkazi wobereka sankaloledwa kuyandikira, koma kamtsikana kosatha msinkhu ndi mayi wosiya kusamba ankatha kupititsa chakudya. Anamkungwi olangiza anamwali, azamba, ntchembere zazikulu zosambitsa maliro a akazi, ambiri ankachokera m'gulu lomweli. M'mudzi wa chikamwini, momwe mwamuna ndi wobwera ndipo ana ndi a kuchikazi, mayi wotereyu ndiye anali tsinde la mbumba. Ngakhale malume poweruza nkhani ankayamba wamva kaye za mlongo wake wamkuluyo.

Apa ndi pomwe pali mpata. Mwambo unkadziwa wotentha, unkadziwa wozizira, koma wa pakatiyu, amene lero wasamba mawa wasiya mkuja wayambiranso, unalibe naye dzina. Panalibe ng'oma, panalibe chilangizo. Ine ndikuona kuti chifukwa china n'chakuti zaka zimenezi zinkabisika. Agogo athu ankabereka ana asanu ndi awiri, ena khumi, kuyamwitsa aliyense zaka ziwiri. Msambo ukasowa, mayi ankangoti mwina ndi pakati, mwina ndi bere. Pomadzazindikira, zatha kale.

Boma nalo linathandiza kubisako. Nthawi ya Kamuzu Banda, m'zaka za m'ma 1960, zakulera zinaletsedwa, ndipo zinadzaloledwa mu 1982 pa dzina loti kubereka motalikitsa. Kafukufuku wa zaumoyo wa 1992 anapeza kuti mayi wa ku Malawi ankabereka ana pafupifupi 7. Wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti chiwerengero chatsika kufika pa 4.4. Pakatipo panadutsa Edzi. Cha m'ma 2000 Mmalawi wobadwa nthawi imeneyo ankayembekezeka kukhala zaka makumi anayi ndi zochepa chabe, ndipo amayi ambiri anaikidwa m'manda asanafike n'komwe pa msinkhu tikukambawu. Ma ARV aulere atayamba mu 2004 zinthu zinatembenuka. Lero mayi wa kwa Dambe amatha kutseka kubereka ali ndi zaka 35, n'kufika 46 ali wamphamvu, akulima, akuyendetsa banki m'khonde. Zaka zija zinkabisika tsopano zili poyera, koma anamkungwi ochepa omwe atsala sanaphunzire chonena, poti nawonso sanauzidwe.

Mchinji ndi boma lomwe layeserapo zambiri. Mtukula Pakhomo unayambira kumeneko mu 2006. Kunalinso MaiMwana, pulojekiti ya magulu a amayi m'midzi okambirana za uchembere wabwino. Zabwino ndithu. Koma dzina lokhalo likukuuzani: mayi ndi mwana. Sikelo ndi ya oyembekezera ndi a ana aang'ono. Kafukufuku wamkulu uja amafunsa amayi a zaka 15 mpaka 49, basi. Lamulo loteteza okalamba lomwe Nyumba ya Malamulo inavomereza mu 2024 likunena za agogo, pomwe ukalamba boma limayamba kuuwerenga pa zaka 60. Mayi wa zaka 50 ali ngati bwato lomwe lachoka pagombe koma silinafike pa chilumba.

Ndiye kunyumba kumachitika zotani? Bambo akaona mkazi wake akukana za kuchipinda, chifukwa thupi lauma ndipo akumva kupweteka, amati wapeza wina. Ena amakhulupirirabe kuti mayi wosiya kusamba akagona ndi mwamuna mimba imatupa poti palibe chotsuka m'kati. Zimenezi si zoona, koma zathetsa mabanja ndi kubweretsa mitala. Thukuta la usiku anthu amalinong'oneza kuti ndi TB kapena matenda aja. Ana, ifeyo, timati amayi masiku ano avuta, akungolalata, ndipo timangodula foni. Kutchalitchi wina amati ndi ziwanda.

Choopsa kwambiri ndi mawu oti mfiti. Mayi wosagona usiku, wotuluka panja pakati pa usiku kuti apitidwe mphepo, wolankhula yekha chifukwa waiwala chomwe amafuna, mukuona momwe mudzi ungamuwerengere? Lamulo la ufiti la 1911 limaletsa kutchula munthu kuti ndi mfiti, koma mu January 2016 ku Neno anthu anapha okalamba anayi mphenzi itapha mtsikana. Amenewo anali agogo, inde, koma dzina loipa silimuyamba munthu ali ndi ndodo. Limayamba kale, pa zaka zomwezi.

Musaganize kuti azungu anali anzeru kale. Mawu oti menopause anawapanga dokotala wa ku France, Charles de Gardanne, cha m'ma 1820, ndipo kwa zaka zambiri madokotala a ku Ulaya ankawatenga amayi oterewa ngati akuyamba misala. Pa mbali ya ulemu makolo athu anawaposa.

Ku ntchito kwanga, injini ikamatentha sitiitukwana. Timaona ngati ikulavula madzi, timatsegula pampu. Nayenso mayi akamatuluka thukuta usiku akayezetse malungo, TB, shuga ndi BP, chifukwa nthawi zina zimakhaladi zimenezo. Zikapezeka kuti palibe, afunse dokotala kapena namwino mosabisa za kusiya kusamba. Adziwenso kuti msambo ukamadumpha pakati pamathekabe, mpaka papite miyezi 12 yathunthu osasamba. Ndipo magazi akadzabweranso miyezi 12 ija itadutsa, musati ubwana wabwerera, musapitenso kwa sing'anga. Malawi ndi limodzi mwa mayiko omwe khansa ya khomo la chiberekero ikupha amayi ambiri padziko lonse, ndipo kuyeza kwake m'zipatala za boma n'kwaulere. Ya thiransipoti yokha ndi yomwe ingafunike, ndipo imeneyo tingatumize pa Mpamba kapena Airtel Money tikagulitsa usipa.

Tumizirani alongo anu. Bambo anu muwawerengere nokha, koma musankhe nthawi, osati pa nsima.