Mmene thumba linaphunzirira kuimba 999

Mu Novembala 1935, moto unabuka m'nyumba ina pamsewu wa Wimpole Street ku London ndipo amayi asanu anafa. Munthu wina woyandikana nawo anayesa kuimba lamya kuti aitane ozimitsa moto, koma anangomuika pamzere wodikira. Kalata yake yodandaula itatuluka m'nyuzipepala ya The Times, boma linachita kafukufuku, ndipo pa 30 Juni 1937 nambala ya 999 inayamba kugwira ntchito.

Bwanji sanasankhe 111, yomwe inali yachangu kuimba? Nthawi imeneyo mafoni anali opukusa ndi chala, ndipo nambala 1 inkatumiza kachizindikiro kamodzi kokha m'mawaya. Mawaya akangokhudzana ndi mphepo, makina akanatha kuganiza kuti munthu waimba 111. Koma 999 inali yovuta kuti iimbike yokha. Ndiye kuti kuyambira pachiyambi penipeni, akatswiri ankaopa kale mafoni oimbika mwangozi.

Mafoni a m'manja atabwera, nzeru ija inatembenuka. Pafoni ya mabatani, 999 ndi batani limodzi lodinidwa katatu, ntchito imene thumba la buluku limaitha bwinobwino. Chinanso, mafoni ambiri amalola nambala zangozi monga 112 kudutsa ngakhale foni ili yokiya, kuti wovulala asavutike.

Wolandira foni sangangodula akamva zii, chifukwa mwina woimbayo wabisala kuopa chigawenga kapena mwamuna wankhanza. N'chifukwa chake ku Britain anakonza njira yotchedwa Silent Solution: amene sangathe kulankhula amadina 55 akauzidwa, ndipo amamulumikiza ndi apolisi.

Mafoni amakono anangoonjezera vutoli. Mu 2022, iPhone 14 inabwera ndi luso lozindikira ngozi ya galimoto, koma ku America inayamba kuimba 911 eni ake akungosewera pa zisudzo zothamanga za m'mapaki kapena akutsetsereka pachipale. Mu Juni 2023, apolisi a ku Britain anadandaula kuti mafoni opanda wolankhula achuluka kwambiri, ndipo analoza chala Emergency SOS ya Android, yomwe nthawi imeneyo inkaimba yokha batani loyatsira likadinidwa kasanu.

Mbiriyi ikuonetsa kuti njira iliyonse yofupikitsira wovutika imafupikitsiranso thumba. Pamene wolandira foni akumvetsera phokoso la makiyi ndi makobidi, wina amene nyumba yake ikupsa ali pamzere, ngati munthu uja wa mu 1935.

Ndiye aise, lowa mu Settings lero, uone mmene Emergency SOS yako inatcheredwera. Osamapatsa mwana foni yakale poganiza kuti ilibe simukhadi, chifukwa m'mayiko ena imaimbabe nambala zangozi. Ndipo ikaimbika mwangozi, usadule ndi mantha. Ingonena kuti, "Pepani, yaimbika yokha, kuno kuli bwino." Ukadula, amayamba kukuimbira kapena kukusakasaka, n'kutaya nthawi imene wina akuifuna kuti apulumuke.