Osindikiza Mabuku Aang'ono m'Nthaŵi ya Kamuzu

Ife okulira ku Chileka tinkayesa buku ngati mlendo wochokera ku London, wofika ndi ndege zotera pabwalo pathu. Sitinalakwe kwenikweni: ndakatulo za a Jack Mapanje zinasindikizidwa komweko mu 1981, pakuti kuno lamulo la 1968 linaika bungwe lopima zolembedwa pakati pa mlembi ndi woŵerenga. Komabe mu 1987, chaka chimene a Mapanje anatsekeredwa ku Mikuyu, kampani yaing'ono ya Manchichi ku Zomba inatulutsa Napolo Poems, buku la a Steve Chimombo. Iwo anabisa dandaulo lawo m'nthano ya Napolo, chinjoka chogumula mapiri, ndipo bukulo linadutsa. Pambuyo pake anayambitsa WASI, namadzisindikizira okha, Python! Python! inatuluka mu 1992.