Mphenzi siidziwa dzina la munthu

Dzinja likafika kumapiri a Ntcheu, mphenzi ikapha ng'ombe kapena munthu, ena amathamangira kuloza chala agogo a m'mudzi kuti ndiwo atumiza. Abale anga, mbiri ikutiuza zina.

Mu 1752, Benjamin Franklin wa ku America anaonetsa kuti mphenzi ndi magetsi. Nanga magetsiwo n'chiyani? Yankho linadza mu 1897, patangotha chaka atsamunda atapha Inkosi Gomani Woyamba. Ku Cambridge, J.J. Thomson anatulukira electron, kachinthu kakang'ono kuposa atomu, konyamula mphamvu ya negative. Mu 1911 Ernest Rutherford anapeza kuti pakati pa atomu pali phata la positive, momwe mumakhala ma proton. Neutron, yopanda mbali, anaipeza James Chadwick mu 1932.

Positive ndi negative zimakokana, zofanana zimakankhana. Timatalala tikamakhulana mumtambo, kunsi kwa mtambowo kumadzaza negative, kenako imalumphira pansi. Kawirikawiri imagwera chachitali, mtengo kapena phiri, osafunsa kuti uyu ndi mwana wa yani. Ma electron ngati omwewo ndiwo akhala akuyenda m'mawaya ochokera ku Nkula kuyambira 1966.

Kukamagunda, lowani m'nyumba, musause pansi pa mtengo. Agogowo asiyeni, alibe mlandu.