Chikhodzodzo Chikasiya Kulankhula

Munthu wabwinobwino safunsa mnzake ngati chikhodzodzo chake chadzaza. Mkodzo ukamayandikira theka la lita, thumbalo limakokeka, mitsempha imatumiza uthenga kudzera m'msana kukafika ku ubongo, mwini wake n'kunyamuka kukataya madzi. Kwa amene wathyoka msana njira ya uthengawo imaduka. Impso zimagwirabe ntchito usana ndi usiku, thumba limadzaza, koma womuuza palibe. Ntchito yosamalira anthu otere ili ndi mbiri yaitali, ndipo ndikaitsata ndimaona kuti nzeru zambiri za madokotala zinathera pa momwe angatulutsire mkodzo, pamene funso la nthawi yoyenera kuutulutsa linatsalira m'mbuyo. Makina amene akuyesedwa masiku ano, oyeza kudzaza kwa chikhodzodzo ndi magetsi, anabadwa kuti ayankhe funso lachiwirili, ndipo ndi pamenepo pamene tiyenera kuwaweruzira.

Kachubu kotulutsira mkodzo, kamene kuchipatala amati katheta, n'kakalekale. Aroma anali nato tamkuwa, ndipo tina tinafukulidwa m'mabwinja a Pompeii. Mu 1752 Benjamin Franklin anapangitsa kasiliva kotha kupindika kuti athandize mkulu wake John, amene ankazunzika ndi miyala m'chikhodzodzo. M'zaka za m'ma 1930 Frederic Foley wa ku America anabweretsa kamene kali ndi kabaluni kumapeto, kokhala mkati masiku ambiri osapulumuka. Zaka zonsezi chida chodziwira ngati mkati muli madzi chinali dzanja basi. Leopold Auenbrugger wa ku Vienna analemba mu 1761 za luso logogoda chifuwa ndi zala n'kumvetsera kulira kwake. Amati analiphunzira poona bambo ake, mwini nyumba ya alendo, akugogoda migolo ya vinyo kuti adziwe pamene walekeza. Madokotala anatsitsira lusoli pamimba: pamene pali matumbo a mpweya pamalira ngati ng'oma, pamene pali chikhodzodzo chodzaza pamamveka mawu ogontha. Ndi luso labwino ndithu, koma limagwira chikhodzodzo chitatupa kale mpaka kusuzumira pamwamba pa fupa la chinena, ndipo mwa munthu wonenepa limanamiza.

Mtengo wa umbuli umenewu unaoneka poyera pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse. Dokotala Harvey Cushing analemba kuti mwa asilikali a ku America ovulala msana, pafupifupi 80 mwa 100 alionse ankafa m'masabata oyambirira, chifukwa cha zilonda za pogona ndi matenda olowera m'njira ya mkodzo. Amene anasintha zinthu anali Ludwig Guttmann, dokotala wachiyuda amene anathawa ku Germany mu 1939, n'kutsegula wodi ya ovulala msana ku Stoke Mandeville, ku England, mu 1944. Iye anakana zosiya kachubu mkati. Anati kalowe, mkodzo utuluke, kachoke, kenako kadzalowenso pakapita maola angapo, ndipo zonse zichitike mwaukhondo wa kuthiyeta. Mu 1972 Jack Lapides wa ku yunivesite ya Michigan anapita patsogolo molimba mtima: wodwala atha kudziika yekha kachubu kunyumba, atasamba m'manja ndi sopo. Mfundo yake inali yakuti chikhodzodzo chikakokeka mopitirira, magazi sayenda bwino m'khungu lake, ndipo majeremusi amapezerapo mpata. Kuopsa kwenikweni kuli pa kuchedwa. Apa m'pamene funso la nthawi linafika pakati pabwalo, ndipo yankho limene linapezeka linali wotchi: maola anayi mpaka asanu ndi limodzi alionse.

Wotchiyo yapulumutsa anthu ochuluka, ndipo palibe woganiza bwino angaipeputse. Koma impso sizidziwa wotchi. Tsiku lotentha munthu akatuluka thukuta, maola anayi amabala mkodzo wosadzaza n'kapu yomwe, ndipo kachubu kamalowa pachabe, n'kukanda njira ya mkodzo ndi kutengera tizilombo mkati. Tsiku lina wamwa tiyi wambiri, kapena wagona pansi madzi amene anatupitsa miyendo n'kubwerera m'magazi, thumba limadzaza ola lisanakwane. Likadzaza mopyola, mkodzo utha kubwerera ku impso n'kuziwononga pang'onopang'ono. Kwa amene anavulala msana cha kumtunda, chikhodzodzo chodzaza chimathamangitsa magazi mwadzidzidzi, mutu n'kuwawa koopsa, ena mpaka kudwala sitiroko. Ambiri, poopa zonsezi, amangodzimana madzi akumwa, limenenso ndi dzenje lina.

Maganizo ogwiritsa ntchito magetsi akuchokera pa chinthu chosavuta kumva. Mkodzo uli ndi mchere, choncho magetsi amadutsamo mosavuta kuposa m'mafuta kapena m'mafupa. Mukamata timapepala tachitsulo pakhungu la pachinena n'kulowetsa mphamvu yochepetsetsa, imene munthu saimva n'komwe, mutha kuyeza kuti thupi likuikaniza motani. Kukanizako akatswiri amakutcha impedance, ndipo kumasintha pamene chikhodzodzo chikudzaza. Mu 1975 Denniston ndi Baker anaonetsa pa agalu kuti muyesowu umatsatadi kuchuluka kwa mkodzo. M'zaka za m'ma 1980 David Barber ndi Brian Brown a ku Sheffield anazunguliza timapepala 16 pathupi n'kuphunzitsa kompyuta kujambula chithunzi cha mkati kuchokera ku miyesoyo. Mu 2011 gulu la Steffen Leonhardt ku Aachen, ku Germany, linafalitsa zotsatira za kuyesa njira yomweyi pa chikhodzodzo cha anthu ofa ziwalo. Kunena zoona, uku ndi kugogoda kwa Auenbrugger kuja, kungoti chala chake sichitopa ndipo chimagogoda munthu ali m'tulo.

Wotsutsa ali ndi mfundo zolemera. Anganene kuti zaka 50 zapita chiyambire pa agalu aja, koma lamba wamagetsi wokhala ndi timapepala timeneti sanafikebe m'mawodi wamba, ndipo chifukwa chake chikudziwika: mchere wa mumkodzo umasintha ndi zimene munthu wadya ndi kumwa, muyeso umagwedezeka akatembenuka, thukuta limasokoneza timapepala, ndipo matumbo amayendayenda pafupi pomwepo. Anganenenso kuti kuyambira m'ma 1980 kuli kale makina a sikani onyamula m'manja, amene amauza namwino mamililita ake m'kanthawi kochepa, ndipo ku Japan kunatuluka kale kachipangizo kovala kotchedwa DFree kogwiritsa ntchito njira ya sikaniyo. Zonsezi n'zoona. Koma sikani ya namwino imayankha pokhapokha wina akaifunsa, ndipo kufunsako kumafuna munthu wodzuka, mafuta opaka ndi dzanja lolozetsa bwino. Ikadali mlongo wake wa wotchi. Kachipangizo kovala kaja kakutsimikiza mfundo yanga yomweyi, yakuti chimene chikusoweka ndi mlonda wosagona, ndipo ngati sikani ingapambane magetsi pa ntchitoyo, wodwala sataya kanthu.

Pa nkhani ya kusalondola, ndikuona kuti otsutsa akuyeza ndi muyeso wolakwika. Chikhodzodzo cha munthu wamoyo wabwino sichitchula mamililita. Chimangonong'ona kuti nthawi yayandikira, kenako n'kufuula, ndipo nachonso chimanamizidwa ndi kuzizira, mantha kapena phokoso la mpopi. Chimene wovulala msana anataya ndi kunong'ona kumeneko. Lamba amene angaphonye ndi theka la kapu, koma n'kudzutsa mwini wake thumba lisanapyole theka la lita, wabweza gawo lalikulu la zimene zinatayika. Ali ndi mwayinso wakuti mkodzo ukangotulutsidwa ndi kachubu, kuchuluka kwake kumaoneka ndi maso, ndipo makina atha kuwongolera muyeso wake kangapo pa tsiku pa thupi la munthu yemweyo. Cholakwa chimene sichingakhululukidwe n'chimodzi: kukhala chete thumba litadzaza, munthu atasiya kale kuyang'ana wotchi chifukwa chokhulupirira lambayo. Ofufuza akamayesa makinawa, chiwerengero choyamba kutiuza chikhale cha mausiku amene anakhala chete choncho.